Galu ndi Kambale Kouluka

Munthu wochoka pa boma la Mangochi akaoloka mtsinje wa Shire nalunjika kum'mawa, msewu wopita ku Namwera ndi kuchipata cha Chiponde umayamba kukwera mapiri mokhotakhota. Kumeneko ndiko kwa Chowe. Akaima pamtunda n'kucheuka, amaona nyanja ya Malombe itayala m'chigwa, pamene m'mbali mwake muli minda yoyandikana ndi nkhalango za boma za Mangochi ndi Namizimu. Alimi a kumeneko amaidziwa bwino ntchito ya galu. Chimanga chikayamba kukhwima, anyani ndi apusi amatsika m'mapiri m'magulumagulu, ndipo usiku nguluwe zimafukula chinangwa. Mlimi amene ali ndi galu watcheru amagona tulo tabwinoko kuposa mnzake amene alibe.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene chimaoneka m'midzi yambiri, kwa Chowe ndi kwina konse m'dziko muno. Galu yemwe uja amalondera munda, mwini wake sangathe kumugwira. Munthu akawerama, galu amaliyatsa liwiro poganiza kuti akutola mwala. Akamuitana, amaima patali, mchira uli pakati pa miyendo. Tsiku la katemera likafika, mwana amazungulira naye mudzi wonse chingwe chili m'manja, mpaka alangizi a ziweto amanyamuka galuyo asadabayidwe.

Nkhani ino ikunena za masewero ooneka ngati achibwana, ophunzitsa galu kuwakha kambale koponyedwa m'malere. Koma galu amene waphunzira masewerowa amakhala ataphunziranso zinthu zitatu: kubwera akaitanidwa, kulola kugwidwa, ndi kusiya chimene wagwira kukamwa. Zitatu zimenezi zingathe kupulumutsa moyo wa galuyo, ngakhalenso wa mwana wa pakhomopo.

Kumene masewerowa adachokera

Masewerowa adayambira ku America. M'chaka cha 1948 Walter Frederick Morrison adayamba kupanga timbale ta pulasitiki toti anthu aziponyerana. M'chaka cha 1957 adagulitsa luso lakelo ku kampani ya zidole ya Wham-O, imene idatcha kambaleko dzina loti Frisbee. Kambaleko kadatchuka poyamba ngati choseweretsa cha anthu m'masukulu ndi m'mbali mwa nyanja.

Mbiri ya agalu pa masewerowa idawanda pa 5 Ogasiti 1974 mumzinda wa Los Angeles. Tsikulo khamu lalikulu lidasonkhana pabwalo la Dodger Stadium kudzaonera masewero a baseball, amene ankaonetsedwanso pa wailesi ya kanema. Mnyamata wa zaka 19, Alex Stein, adalumpha mpanda nalowa m'bwalomo popanda chilolezo, ali ndi galu wake wotchedwa Ashley, wa mtundu wa whippet, woonda ndi waliwiro. Adayamba kuponya timbale, galuyo n'kumathamanga nalumpha kupitirira msinkhu wa munthu kukatiwakha. Masewero a tsikulo adaima kwa mphindi 8, anthu ali kukamwa yasa. Stein adamangidwa ndi apolisi, koma galu wake adali atadziwika m'dziko lonselo. Chaka chotsatira kudayamba mpikisano wa agalu owakha timbale, ndipo Ashley adapambana zaka zitatu zotsatizana, 1975, 1976 ndi 1977. Lero mipikisano yotere imachitika m'maiko ambiri a ku America, ku Ulaya ndi ku Asia.

Wina angaganize kuti zotere zimafuna galu wodula wochokera kunja, koma si choncho. Galu wamba wa m'midzi ya kuno ali ndi thupi lopepuka, miyendo yaitali ndi ubweya waufupi wogwirizana ndi kutentha. Makolo ake adathamangitsa akalulu ndi agwape kwa mibadwo yambiri. Chibadwa chothamangitsa chinthu choyenda ali nacho kale. Chotsala n'kuchiongolera basi.

Chifukwa chimene kambale kamaulukira

Mwala ukaponyedwa umakwera n'kugwa msanga. Kambale kamakhalitsa m'malere pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi kapangidwe kake: pamwamba n'kokwera pang'ono ngati mbale yovundikira, ndipo m'mphepete mwake n'mopindikira pansi. Kakamayenda kutsogolo kwake kutadzuka pang'ono, kamakankhira mpweya pansi, ndipo mpweyawo umakanyamula, monga momwe mphepo imanyamulira nkhwazi imene yatambasula mapiko pamwamba pa nyanja. Chachiwiri ndi kuzungulira. Mwana aliyense amene adakwapulapo nguli amadziwa kuti nguli imaima chilili malinga ngati ikuzungulira, ndipo ikaleka imagwa. Kambalenso kakaponyedwa kosazungulira kamagudubuka m'malere n'kugwa pomwepo. N'chifukwa chake woponya amadalira kupotoza dzanja mofulumira, osati mphamvu za phewa. Kambale koponyedwa bwino kamatsika pang'onopang'ono, motero galu amapeza nthawi yofika pansi pake.

Nanga galu amadziwa bwanji pamene katsikire? M'chaka cha 2004 akatswiri a ku America, motsogozedwa ndi Dennis Shaffer, adamangirira kamera yaing'ono pamutu pa agalu awiri kuti aone zimene galu amaona pothamangira kambale. Adapeza kuti galu sayamba wadziwa malo amene kagwere. M'malo mwake amasintha liwiro ndi njira yake kotero kuti m'maso mwake kambaleko kaziyenda mumzere woongoka ndi mosasinthasintha. Akachita zimenezi, iye ndi kambale amakumana okha. Njira yomweyi ndi imene anthu osewera amagwiritsa ntchito powakha mpira wa m'mwamba. Tanthauzo lake n'lakuti palibe amene angaphunzitse galu masamu a kuwakha. Mwini galu amangophunzitsa chilakolako ndi mwambo. Maso ndi miyendo zimachita zotsalazo.

Mmene nyama imaphunzirira

M'chaka cha 1898 Edward Thorndike, wofufuza wa ku America, adatsekera amphaka m'mabokosi okhala ndi kachitseko kotsegulidwa ndi chingwe kapena kamtengo, chakudya chili kunja. Poyamba mphaka ankatsegula mwangozi, koma akabwezedwamo kambirimbiri ankafulumira kutuluka. Apa padachokera lamulo losavuta: chimene nyama yachita n'kupezapo chokoma, imachichitanso.

Umboni wa lamuloli uli pafupi. Ku Morogoro m'dziko la Tanzania, bungwe la APOPO limaphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba okwiriridwa pansi, ndipo mphotho yawo ndi nthochi ndi mtedza. Abwampini otere adathandiza kuchotsa mabomba otsala pa nkhondo ya ku Mozambique, kuphatikizapo m'chigawo cha Tete, mpaka dzikolo lidalengeza m'chaka cha 2015 kuti lamaliza malo onse odziwika. Ngati bwampini angaphunzire ntchito yoopsa chotere popanda chikoti, galu sangalephere kuphunzira kubwera akaitanidwa.

Ofufuza a ku Bristol, m'dziko la England, adafunsa eni agalu oposa 300 za njira zimene ankaphunzitsira agalu awo. Zotsatira zake, zimene zidafalitsidwa mu 2004, zidaonetsa kuti agalu ophunzitsidwa ndi mphotho adali omvera kwambiri, pamene amene ankalangidwa kawirikawiri adali ndi makhalidwe ovuta ochuluka.

Chinsinsi chagona pa nthawi. Galu amalumikiza mphotho kapena chilango ndi chimene wangochita kumene, osati chimene adachita m'mawa. Tinene kuti galu waba nsomba pathandala nathawa. Madzulo mwini wake akumuitana, galu akubwera, ndipo akumenyedwa. Munthuyo akuganiza kuti walanga kuba, koma chimene galu waphunzira n'chakuti kubwera poitanidwa kumapweteka. Mawa sabweranso. Umo ndi mmene agalu ambiri osagwidika amapangikira. Akulu adanena kuti fupa lokakamiza limaswa mphika.

Zofunika kukonzeratu

Kambale kayenera kukhala kofewa ndi kopepuka. Kumene kogula kulibe, chivundikiro cha ndowa yaing'ono ya pulasitiki chingagwire ntchito, malinga ngati n'chopindika mosavuta ndipo m'mphepete mwake n'mosalala. Mbale yachitsulo kapena chivundikiro cha chitini siziyenera konse, chifukwa zimathyola mano ndi kucheka nkhama. Kambale kakang'aluka katayidwe. Mtundu wake ulinso ndi kanthu: maso a galu amasiyanitsa bwino chinthu chobiriwira ngati thambo ndi chachikasu, koma chofiira chimasokonekera ndi udzu kapena dothi.

Kambale ka galu kakhale ka galu yekha. Kasasungidwe pamodzi ndi ziwiya za kukhitchini, ndipo wosewera asambe m'manja ndi sopo akamaliza. Kwa Chowe, monga m'madera ambiri a Mangochi, mabanja ochuluka ndi achisilamu, ndipo amasamala kwambiri za malovu a galu, ngakhale kuti kusunga galu wolondera munda kapena ziweto n'kololedwa. Banja lotere lingathe kupachika kambaleko pamtengo kunja, kutali ndi madzi ndi mphasa, ndipo ukhondo womwewo ndi wabwino kwa banja lililonse.

Mphotho ikhale yaing'ono, yoti galu ameze kamodzi: kambuzi kapena usipa wouma wopanda mchere, woduladula, kapena timibulu ta mkute. Minga ikuluikulu ya chambo ndi mafupa ophika a nkhuku n'zoopsa pakhosi ndi m'matumbo. Phunziro lichitike galu asadadye, pamene chakudya chili ndi mtengo kwa iye. Mawu olamulira akhale aafupi ndi osasinthasintha. Kaya ndi a Chiyao kaya a Chichewa, galu amangosunga kamvekedwe kake. Chofunika n'chakuti onse a pakhomo azigwiritsa ntchito mawu amodzimodzi.

Masitepe asanu ndi limodzi

Sitepe loyamba lilibe kambale. Mwini galu amatchula dzina la galu ndi mawu oti "Bwera", ali pafupi naye. Galu akangoyandikira, amalandira kansomba ndi mawu oyamikira. Tsiku ndi tsiku mtunda umaonjezedwa. Pomupatsa mphotho, dzanja lina limasisita khosi, makutu ndi msana, kenaka kumuveka chingwe kwa kanthawi. Galu amene adazolowera miyala angatenge masabata angapo kuti akhulupirire dzanja la munthu. Zikatero mphotho iyambe yaponyedwa pansi chapatali, ndipo iziyandikizidwa pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachiwiri ndi kuzoloweretsa kambale. Kwa masiku angapo galu azidyera m'kambale momwemo, kuti akakaona azikumbukira zabwino.

Lachitatu ndi kugwira ndi kusiya. Mwini amagwedeza kambale pansi ngati kanyama kothawa. Galu akakaluma, amalimbirana naye mofatsa kwa kamphindi. Kenaka amaleka kukoka, nanena kuti "Siya", kansomba kali pamphuno pa galu. Galu amatsegula kukamwa kuti adye, ndipo nthawi yomweyo kambale kamabwezedwa kwa iye. Motero amaphunzira kuti kusiya sikutaya. Phunziro limeneli ndi limene lidzapulumutse mwanapiye, nsapato, kapena galu mwini tsiku limene adzatole nyambo ya poizoni.

Lachinayi ndi kugubuduza. Kambale kamaimikidwa cham'mbali n'kugubuduzidwa pansi ngati gudumu la njinga. Galu amakathamangitsa nakagwira kakuyenda. Akakagwira amaitanidwa, ndipo akabwera nako amalandira mphotho. Ngati athawa nako, mwini asamuthamangitse, chifukwa kutero n'kumuphunzitsa masewero ena. Athamangire kwina akumuitana, kapena aonetse kambale kachiwiri. Galu adzatembenuka yekha.

Lachisanu ndi kuwakha koyamba. Mwini amagwira kambale pamsinkhu wa mutu wa galu nanena kuti "Gwira", galu n'kukatenga m'manja. Kenaka amakataya m'manja galu atatsala pang'ono kukafika. Pambuyo pake amakaponya mita imodzi kapena awiri, kutsogolo kapena cham'mbali mwa galu. Kasaponyedwe molunjika kumaso kwake, popeza galu amene wamenyedwa pamphuno amayamba kukazinda.

Lachisanu ndi chimodzi ndi kutalikitsa. Galu amaphunzitsidwa kuzungulira kumbuyo kwa mwini wake, kuti pamene kambale kakuchoka m'manja iye akhale atayamba kale kuthamangira komwe kakupita. Mtunda uonjezedwe pokhapokha ngati galu akuwakha kawirikawiri pamtunda wakale. Nthawi zambiri wolakwa sakhala galu koma woponya, choncho n'kwanzeru kuti mwini ayambe waphunzira kuponya ndi mnzake, galu palibe. Pofika apa kansomba kamachepetsedwa, chifukwa kuponyanso kambale kumasanduka mphotho yokwanira.

Phunziro lililonse lisapitirire mphindi 5 kapena 10, ndipo lithe galu akadali ndi chilakolako.

Zoyenera kusamala

Msinkhu wa galu ndi woyamba kuuganizira. M'chaka cha 1965 John Paul Scott ndi John Fuller adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo wa zaka zambiri, zoonetsa kuti mwana wa galu amazolowera anthu mosavuta ali pakati pa masabata 3 ndi 12. M'mera m'poyamba: kuitana ndi kugwira ziyambe pamenepo. Koma kulimbirana kwamphamvu kudikire mpaka mano 28 a ubwana ataguluka ndipo mano 42 a ukulu atamera, zimene zimatha galu ali ndi miyezi 6 kapena 7. Kulumpha m'mwamba kudikire koposa, chifukwa nsonga za mafupa a miyendo zimakhala zanthete mpaka chaka chimodzi kapena chaka ndi theka. Galu wamkota nayenso angaphunzire, koma kwa iye kugubuduza n'kokwanira.

Kutentha ndi chinthu chachiwiri. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu. Amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili kunja. Chigwa cha Mangochi ndi amodzi mwa malo otentha kwambiri m'dziko muno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo ngakhale kumapiri kwa Chowe dzuwa la masana limaswa mtengo. Masewero achitike m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, madzi akumwa ali pafupi. Galu akayamba kudzandira kapena kugona pansi osafuna kudzuka, atengedwere pamthunzi ndi kuthiridwa madzi msanga.

Chachitatu ndi malo. Pakhale posalala, popanda zitsa, minga, miyala kapena mabotolo osweka, ndiponso patali ndi msewu, umene pamadutsa magalimoto akuluakulu opita ndi kuchokera kumalire. Pakhalenso patali ndi nkhalango. Kuyambira mu 2018 nkhalango ya Mangochi ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks pamodzi ndi malo osungirako nyama a Liwonde, ndipo kusaka nyama m'menemo n'koletsedwa. Galu woyenera ndi amene amapirikitsa anyani mpaka m'malire a munda, nabwerera akaitanidwa. Amene amawatsata mpaka m'thengo amakumana ndi mano a nyani wamphongo, kapena amalowetsa mbuye wake m'milandu.

Chifukwa chachikulu

Phindu loposa lonse la galu wogwidika limaoneka pa nkhani ya chiwewe. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse amawatenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, wodwala sachira. Chikhalirecho katemera alipo kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur wa ku France adapulumutsa mnyamata wina, Joseph Meister, amene adalumidwa ndi galu wachiwewe. Tsiku limene Pasteur adamwalira, 28 Seputembala, ndilo lidasankhidwa kukhala lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe.

Akatswiri adapeza kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse akalandira katemera chaka ndi chaka, matendawa amaleka kufalikira. Izi n'zotheka kuno. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a zaziweto a boma, lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Koma ofufuza atafunsa eni agalu amene sadafike pamalo a katemera, chimodzi mwa zifukwa zimene zidatchulidwa kawirikawiri chidali chakuti galuyo adakanika kumugwira. Galu aliyense wothawa chingwe ndi chiboo pa mpanda umene umateteza mudzi.

Pali malamulo awiri osayenera kuiwalika. Masewero a kambale ndi a galu wodziwika, wa pakhomo, wolandira katemera. Ana asasewere ndi galu wachilendo, kapena amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuchucha dovu kapena akuluma zinthu mwachisawawa. Ndipo munthu akalumidwa, ngakhale pang'ono, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone mmene zikhalire.

Si galu aliyense amene adzalumphe ngati Ashley wa ku Los Angeles, ndipo ena sadzawakha kambale ngakhale kamodzi. Zimenezo zilibe kanthu. Galu amene wafika pa sitepe lachitatu lokha wapeza kale zonse zofunika. Mnyamata wa kwa Chowe amene amapatula mphindi zochepa madzulo aliwonse, chivundikiro cha ndowa ndi tinsomba zili m'manja, adzaona phindu lake tsiku limene alangizi a ziweto adzafike m'mudzi. Adzaitana kamodzi, galu adzabwera, ndipo adzaima phee pambali pake mpaka jakisoni atatha.